BWALO, NTHAKA NDI MITENGO: KAMANGIDWE KA MALO A CHIKHALIDWE KU MIGODI YA BINDURA

Tauni ya Bindura ili m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, ndipo ndiyo likulu la chigawo cha Mashonaland Central. Inayamba ngati msasa wa okumba golide pa mgodi wa Kimberley Reefs mu 1901, nilandira dzina la Bindura mu 1913 pamene njanji inafika. Kuyambira masiku amenewo migodi ndi mapulazi a m'derali akhala akudalira manja a anthu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kum'mawa kwa Zambia. Ena anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi. Ambiri sanabwererenso kwawo, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'makomboni a ku Trojan, ku Shamva ndi m'mapulazi ozungulira, kumene Chichewa chimamvekabe ndipo ng'oma za Gule Wamkulu zimalirabe.

Anthu amenewa alibe mudzi wa makolo m'dzikomo. Bwalo lawo, manda awo ndi nkhalango zawo zakhala pa malo a kampani kapena a mwini pulazi. Mapulazi atayamba kusintha eni mu 2000, ndiponso mgodi wa Trojan utaima kwa zaka zingapo kuyambira mu 2008, mabanja ambiri anabalalika ndi kusiya malo amenewa. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anazindikira kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, koma unzika pawokha supereka bwalo. Choncho gulu la anthu otere likapatsidwa kachigawo ka malo kuti limangepo malo a chikhalidwe, mwayi umenewo suyenera kuseweredwa.

Mlangizi wa zaulimi angadabwe kuti nkhani ya zomangamanga ikumukhudza bwanji. Ikumukhudza chifukwa malo a chikhalidwe amagwirizana ndi chilengedwe kapena kutsutsana nacho njerwa yoyamba isanaikidwe, pamene anthu akusankha poti amange, mitengo yoti isiyidwe ndi njira yoti madzi a mvula atsate. Izi ndi ntchito zimene mlangizi amazidziwa kuposa katswiri wojambula mapulani amene wachokera ku Harare ndipo wayendera malowo tsiku limodzi m'chilimwe.

ZITSANZO ZIMENE ZILIPO KALE

Chitsanzo chapafupi chili m'chigawo chomwecho, ku Tengenenge pafupi ndi Guruve. Mu 1966 mlimi wa fodya, Tom Blomefield, ataona kuti msika wa fodya wafa chifukwa cha zilango zimene maiko anaika pa Rhodesia, analimbikitsa antchito ake kusema miyala ya serpentine yopezeka pa pulazi pomwepo. Ambiri mwa antchitowo anali Achewa ndi Ayao, monga Lemon Moses wa ku Malawi ndi Fanizani Akuda wa ku Zambia. Ku Tengenenge sikunamangidwe chinyumba chachikulu choonetseramo ziboliboli. Ziboliboli zimaikidwa pa zitsa ndi pa nsanamira pansi pa mitengo, ndipo osema amakhala m'nyumba za dothi zofolera ndi udzu. Nkhalango ndiyo denga la malo onsewo.

Ku Malawi, malo a Kungoni pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ali m'munsi mwa mapiri pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Nyumba yosungiramo zinthu za makolo ya Chamare, imene ili ndi zigoba za Gule Wamkulu mazana angapo, ndi yaifupi ndipo yazunguliridwa ndi munda wa mitengo yosiyanasiyana.

Palinso chenjezo. Mu 1998 zithunzi zakale za m'phanga la ku Domboshava, pakati pa Harare ndi Bindura, zinapakidwa penti usiku. Ofufuza amene analemba za nkhaniyi anasonyeza kuti inachitika pa nthawi imene anthu a m'deralo ankadandaula kuti aletsedwa kuchita miyambo yopempha mvula pa malo awo omwe. Malo okongola amene eni mwambo achotsedwapo sakhalitsa. Ku Bindura eni mwambo ndi ambiri: pali a Gule Wamkulu, Ayao a Chisilamu ndi magule awo, a mipingo, komanso Azezuru ndi Akorekore amene ndi eni dziko. Onsewa amvedwe pulani isanajambulidwe.

KUYAMBA NDI NTHAKA

Pa dera la migodi funso loyamba si lakuti malowo ndi okongola kapena ayi. Funso ndi lakuti nthakayo ndi yabwino kuti anthu aipondeponde, aikhalire ndi kupuma fumbi lake.

Bindura ili m'Chigawo Chachiwiri cha zaulimi cha Zimbabwe, chimene chimalandira mvula ya mamilimita pakati pa 750 ndi 1,000 pa chaka, makamaka kuyambira Novembala mpaka Malichi. Pali nthaka ya katondo wofiira yochokera ku miyala yobiriwirako imene mumapezeka golide, ndiponso nthaka yamchenga yochokera ku miyala ya nsangalabwi ya mapiri a kum'mwera. Pamwamba pa mitundu iwiriyi migodi yaonjeza mtundu wachitatu, umene ndi milu ya matope ndi mchenga wotsala miyala ikaperedwa. Miyala ya golide ya m'dera lino kawirikawiri imakhala ndi sulphur ndi arsenic. Ikaperedwa ndi kukhala pa mpweya ndi pa mvula, imatha kutulutsa madzi owawasa amene amasungunula zitsulo zaululu ndi kuzitengera ku madambo. Migodi yaikulu ya golide monga Freda Rebecca, umene unatsegulidwa mu 1988, imalekanitsa golide ndi cyanide, pamene okumba ang'onoang'ono, amene kumeneko amawatcha makorokoza, amagwiritsa ntchito mercury. Ku Trojan miyala yake ndi ya nickel, ndipo nthaka yochokera ku miyala yotere imakhala ndi magnesium wambiri ndi calcium wochepa, kotero kuti mitengo imapinimbira ndipo malo amakhala a udzu wokhawokha. Katswiri wa zomera Hiram Wild anafotokoza kachitsamba ka Dicoma niccolifera kamene kamamera pa nthaka ya nickel m'Zimbabwe. Zomera zimanena zimene zili pansi, ndipo mlangizi akaona malo opanda mitengo pakati pa nkhalango yabwino asafulumire kukondwa kuti wapeza bwalo losafuna kulambula.

Mfundo iyi ndi yaikulu chifukwa cha kavinidwe ka Gule. Chilombo chimavina ndi fumbi; mapazi amakumba pansi, fumbi limakwera, ndipo ana amene akhala pansi kutsogolo ndiwo amalipuma koposa. Mchenga wa pa milu ya mgodi ndi wosalala, woyera bwino ndiponso waulere, ndipo sipalephera munthu wonena kuti autenge asalazire bwalo. Usatengedwe ngakhale wilibala imodzi, kaya wa bwalo, kaya wa njerwa, kaya wa pulasitala.

Potenga dothi lokayezetsa, mlangizi akumbe masentimita 20 a pamwamba pa malo angapo. Dothi la pamalo okayikitsa, monga pamene pali dazi, pamene pali chikungu choyera kapena chachikasu, kapena pamene madzi ochokera ku milu amadutsa, lisasakanizidwe ndi linzake monga zimachitikira poyeza munda wa chimanga, chifukwa kusakaniza kumabisa vutolo. Lipite palokha ndi chizindikiro chake. Adziwenso kuti kuyeza kwa masiku onse ku labotale, kaya ku Chemistry and Soil Research Institute ku Harare, kaya ku Chitedze kapena ku Mount Makulu, kumaona kuwawasa kwa nthaka ndi chakudya cha mbewu. Arsenic, nickel ndi mercury amayezedwa pokhapokha wotumiza atapempha. Madzi a chitsime chimene anthu adzamwe ayezedwenso chimodzimodzi.

Mphepo ya m'chilimwe imaomba makamaka kuchokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa, ndipo imakula mu Ogasiti ndi Sepitembala, nyengo imene magule amachuluka. Malo a chikhalidwe akhale mbali imene mphepo ikuchokera, osati kumene ikutaya fumbi la milu. Za maenje akale okwiririka, afunsidwe madoda amene anagwira ntchito pansi pa mgodi. Amakumbukira zimene mapu ena sasonyeza.

BWALO CHOYAMBA, NYUMBA PAMBUYO

Mapulani ambiri amayamba ndi holo yaikulu, bwalo n'kukhala malo otsala kuseri kwake. Kwa anthu a Gule Wamkulu, umene bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, dongosolo limeneli ndi lozondoka. Bwalo ndilo mtima wa malowo.

Malo oyenera ndi m'munsi mwa chitunda chotsetsereka pang'ono, kuti oonerera akhale pa chitundacho naona bwino popanda kumanga masitepe a simenti. Mizere yokhalapo itsate akalozera, ikhomedwe ndi chida chomwe chija alangizi amayezera migula, ndipo ichirikizidwe ndi miyala yosanja popanda simenti. Luso limeneli ndi lakale m'dziko muno, monga zikuonekera pa matanthwe osanjidwa a ku Nyanga ndi pa makoma a Great Zimbabwe. Miyala itoledwe pamalo pomwepo, koma ya pa mabwinja akale isakhudzidwe pakuti ndi yotetezedwa ndi lamulo.

Kukula kwa bwalo ayese ndi mapazi eni ake, atsabwalo ndi akuluakulu a mzinda, osati tepi ya mlendo. Iwo amadziwa malo a oimba ng'oma ndi moto wowambira ng'omazo, mbali ya amayi oimba, ndi danga limene kasiyamaliro kapena chimkoko chimafuna kuti chitembenuke. Polowera zilombo pasakhale sitepe, chipata chopapatiza kapena mtanda pamwamba. Makanja amafuna nthaka yolimba yopanda maenje, ndiponso kumwamba kopanda mawaya a magetsi. Pansi pa bwalo pakhale dothi losinjidwa. Simenti imapweteka ovina ndipo imaotcha mu Okutobala.

Za dambwe ndi liunde, wojambula pulani ntchito yake ndi imodzi yokha, kusiya nkhalango yowirira imene akuluakulu aloza, pamodzi ndi njira yochokera kumeneko kufika pa bwalo yosadutsana ndi ya alendo, ya ana a sukulu kapena ya ku zimbudzi. Pa pepala palembedwe kuti nkhalango yosungidwa, basi. Zotsalazo si za pa pepala. Magetsi owala kwambiri pa bwalo amaononga magule a usiku, choncho ngati aikidwa, kuyatsa ndi kuzimitsa kukhale m'manja mwa eni bwalo.

MITENGO

Nkhalango ya ku Bindura ndi ya mtundu womwe uja wofala ku Malawi, ku Tete, ku Niassa ndi ku Chipata. Muli msasa, umene masamba ake atsopano amafiira mu Ogasiti ndi Sepitembala, munhondo umene ku Malawi ndi mchenga, ndi mupfuti umene ndi mombo. Mulinso muzhanje, ndiwo msuku, muhacha, ndiwo muula, mutohwe, ndiwo mtowo, ndi mukwa, ndiwo mlombwa.

Cholakwa chofala ndi kuitana thalakitala kuti ilambule malo onse, kenaka n'kugula mbande zodzabzala pa tsiku lotsegulira. Mitengo ya mombo ndi abale ake siibwerera mwa njira imeneyi. Mbande yake imatha zaka zingapo ikukulitsa muzu pansi, pamwamba pakuoneka kamtengo kofika m'bondo, ndipo mizu yake imadalira mafangasi a m'nthaka amene amathandiza mtengo kupeza chakudya. Mafangasi omwewo ndiwo amatulutsa bowa amene amayi amazula mvula ikagwa. Nthaka ya pamwamba ikakankhidwa, zonsezi zapita. Koma mitengoyi imaphuka mwamphamvu kuchokera ku zitsa ndi ku mizu. Malo amene anadulidwa nkhuni zowambira fodya kapena zogwiritsa ntchito pa mgodi angathe kubwerera ngati atetezedwa ku moto ndi ku mbuzi, ndipo pa chitsa chilichonse pasiyidwa mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba. Njira imeneyi ndi yofulumira ndi yotsika mtengo kuposa nazale.

Choncho mitengo iwerengedwe ndi kuikidwa chizindikiro pulani isanajambulidwe, nyumba zilowe m'mipata yake. Pa nthawi yomanga, mtengo uliwonse wosungidwa utchingidwe ndi kampanda kofika pamene nthambi zake zalekezera. M'kati mwa kampandako musadutse lole, musaunjikidwe njerwa, musasakanizidwe simenti, ndipo musakumbidwe ngalande. Mtengo wopondedwa mizu suuma chaka chomwecho. Umauma patapita zaka ziwiri kapena zitatu, omanga atapita kale, anthu n'kumanamizira chiswe.

Pamene pafunika kubzala, zipatso za m'tchire ndizo zoyenera, ndipo pali nzeru zambiri zimene zinatuluka pa kafukufuku wa SADC ndi ICRAF m'zaka za m'ma 1990 ku Makoka, ku Msekera ndi ku Domboshava. Njere za masuku zimafa msanga, choncho zifesedwe masiku ochepa chipatso chitadyedwa, m'machubu osakaniza ndi dothi la pansi pa mtengo wa msuku kuti mafangasi ake apite nawo. Msuku uli ndi mtengo waumuna ndi waukazi, ndipo kumezanitsa ndi nthambi ya mtengo wodziwika kubereka kumachotsa chikaiko ndi kufupikitsa zaka zodikira. Mkuyu kapena kachere wobzalidwa ndi nthambi amapereka mthunzi wa pabwalo msanga, koma akhale patali ndi makoma ndi mathanki. Mitengo ya zipatso ndi ndiwo zamasamba zisabzalidwe pa nthaka imene labotale yaikayikira. Jacaranda ndi bulugamu zimasintha maonekedwe a malo kukhala ngati bwalo la ofesi ya boma, pamene lantana, amene ena amamukonda pa mpanda, ndi udzu woipa woletsedwa ndi lamulo m'Zimbabwe.

MADZI

Mlangizi ayendere malowo mvula yaikulu ikugwa, aone kumene madzi akuchokera ndi kumene akusonkhana. Kumtunda kwa bwalo kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi, ndipo m'mphepete mwa mizere yokhalapo mubzalidwe udzu wa vetiva motalikana masentimita 10 mpaka 15. Vetiva amapirira nthaka yowawasa ndi ya zitsulo, kotero amathandizanso kugwira matope ochokera ku milu. Dambo lisamangidwepo kanthu.

Milimita imodzi ya mvula pa denga la sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la malata la masikweya mita 100 pa chaka cha mamilimita 800 limalandira malita 80,000, ndipo ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu litatayika, otsalawo ndi okwanira nazale ndi zimbudzi. Kumene madzi a pansi ndi okayikitsa, thanki yotere ndi yofunika kuposa chipata chokongola.

MAKOMA, DENGA NDI DZUWA

Nyumba zikhale zazing'ono zingapo, zosaposa mitengo kutalika, m'malo mwa chinyumba chimodzi. Khoma la mdindo kapena la zidina zopanikizidwa ndi makina limatenga mtundu wa nthaka imene laimapo ndipo silifuna nkhuni. Si umphawi ayi: bungwe la Standards Association of Zimbabwe linatulutsa ndondomeko ya kamangidwe ka mdindo mu 2001, ndipo dziko la Malawi linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda mu 2018 pofuna kupulumutsa nkhalango. Katondo wofiira wa ku Bindura pawokha amang'aluka pouma, choncho asakanizidwe ndi mchenga wa kumtsinje kapena wa nsangalabwi, ndipo zidina zingapo zoyeserera ziumbidwe ndi kuumitsidwa kaye. Maziko akhale a miyala, okwera masentimita 30 pamwamba pa nthaka. Dothi la pamwamba pa dzenje lokumbamo lisungidwe padera kuti lipite ku nazale.

Bindura ili pa madigiri 17 kum'mwera kwa equator. Mu Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto, pa madigiri pafupifupi 49 kuchokera pansi, pamene kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale limadutsa pafupifupi paliwombo. Nyumba yotalika kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ya mazenera oyang'ana kumpoto ndi denga lotulukira masentimita 60, imalandira dzuwa m'nyengo yozizira ndi kukhala pa mthunzi m'nyengo yotentha. Khoma la kumadzulo, limene limapsa madzulo, litetezedwe ndi mitengo. Timabowo ta mpweya pansi ndi pamwamba pa khoma timatulutsa kutentha monga chulu chimachitira, nzeru imene Mick Pearce anagwiritsa ntchito pa nyumba ya Eastgate ku Harare mu 1996.

Denga la udzu lipendekeke madigiri 45 kuti lisadonthe. Tsekera amwetedwe mu Juni kapena Julayi njere zitagwa, ndipo kachigawo ka malo kasungidwe ngati munda wa udzu wofolera. Chipinda chosungiramo ng'oma, zithunzi ndi makalata akale a ku migodi ndicho chifoleredwe ndi malata opakidwa penti wosawala, pakuti katundu wotere akapsa sabwezeka. Zidutswa za madenga a asbestos a m'makomboni akale zisagwiritsidwenso ntchito.

Udzu ndi nkhalango zimaitana moto. Lamulo la Zimbabwe limafuna njira yotchinga moto ya mamita 9 m'malire, ndipo ilambulidwe mwezi wa Julayi usanathe. Mphenzi nayo ndi yoopsa m'dzikoli: mu Disembala 1975 mphenzi imodzi inapha anthu 21 m'nyumba imodzi ya udzu kum'mawa kwa dziko. Pamalo posonkhana khamu pafunika mlongoti wotchinjiriza mphenzi, woima patali pang'ono ndi denga ndi wolumikizidwa bwino pansi.

PEPALA LA MALO

Chaka choyamba chikhale cha kuyeza nthaka, kuona madzi, kuteteza zitsa ndi kuyamba nazale. Chikhalenso cha kulongosola umwini. Kaya malowo aperekedwa ndi khonsolo, kaya ndi kampani ya mgodi, chilolezo chilembedwe m'dzina la gulu, osati la munthu mmodzi, ndipo a Environmental Management Agency afunsidwe ngati ntchitoyo ikufuna kuunikidwa. Migodi ya ku Bindura yasintha eni kangapo: Trojan inachoka m'manja mwa Anglo American mu 2003, ndipo Freda Rebecca inachoka kwa Cluff kupita kwa Ashanti Goldfields mu 1996, kenaka kwa Mwana Africa mu 2005. Lonjezo la pakamwa la manijala limapita naye. Pepalalo litchule malire a nkhalango yosungidwa, munda wa udzu ndi njira ya zilombo, osati nyumba zokha, ndipo malirewo akhomedwe ndi zikhomo za miyala pamaso pa mfumu ya deralo, khansala ndi akuluakulu a mzinda.